Fodya wopinimbira pamalo omwewo chaka ndi chaka: yambani ndi kufukula muzu

Vutoli limaonekera kumapeto kwa Disembala kapena mu Januwale, patapita milungu itatu kapena inayi chiwokereni. Mbande zinachokera ku nazale imodzi, feteleza munathira wofanana mzere uliwonse, koma m'munda muli zigawo zina pomwe fodya wangoima. Masamba ake ndi otumbuluka, tsinde ndi lowonda, ndipo dzuwa likangofika pamutu amafota ngakhale mvula inagwa dzulo lomweli. Madzulo amatsitsimuka, mawa lake masana wafotanso. Mukakumbukira bwino, chigawo chomwechi ndicho chinavuta chaka chatha, kungoti chaka chino chakulako.

Chimene ambiri timathamangira kuno ku Angónia, ku Tsangano, ku Macanga ngakhalenso ku Chifunde ndi kuwonjezera ureya. Ndikumvetsa, chifukwa tsamba likatumbuluka aliyense amaganiza za njala ya feteleza. Koma fodya wa bale wambiri kuno amalimidwa pa mgwirizano ndi kampani, monga Mozambique Leaf Tobacco yomwe ili ndi fakitale mumzinda wa Tete, ndipo zipangizo zimabwera pa ngongole yodzadulidwa pogulitsa. Thumba lothiridwa pamalo pomwe mizu singathe kudya mudzalilipira ndithu, koma m'chigafa simudzaliona. Ndiye musanatsegule thumba lina, alimi anzanga, tengani khasu.

Sankhani mitengo itatu kapena inayi yodwala, ndi ina iwiri yathanzi ya m'munda womwewo kuti mukhale ndi poyerekezera. Musaikoke ndi manja, chifukwa timizu tating'ono, tomwe ndito tikufuna kuona, timadukira m'dothi. Kumbani mozungulira tsinde, khasu lilowe pansi ndithu, munyamule mtengo ndi dothi lake n'kuuika mu ndowa ya madzi kuti dothi lisungunuke lokha. Dzenje lotsalalo musalikwirire msanga, tilifunanso. Muzu wathanzi wa fodya umakhala woyera, wa timizu tambirimbiri, wopanda fungo. Wa mtengo wodwala uuyang'aneni mofatsa pambali pa wathanziwo. Pomwepo khomani zikhomo kuzungulira chigawo chodwalacho, chifukwa mukadzathyola fodya yense simudzadziwanso kuti chinayambira pati n'kulekezera pati.

Mizu ya timibulu

Mukapeza mizu yotupatupa, ya timibulu tondondozana ngati mkanda, mdani wanu ndi tinyongolotsi ta m'nthaka tomwe alangizi amati manematodi. Sitioneka ndi maso. Timalowa mu muzu n'kukhazikika momwemo, ndipo pomwe talowa pamatupa n'kutsekereza njira ya madzi ndi chakudya. N'chifukwa chake fodya amafota masana dothi lili lonyowa, n'chifukwa chakenso feteleza wowonjezera sasintha kanthu. Mtundu womwe umasautsa kwambiri fodya kuchigawo chino cha Africa ndi Meloidogyne javanica, ndipo umakonda dothi la mchenga lofunda. Kamodzi kakakazi kamaikira mazira mazanamazana, ndipo m'nyengo yotentha pakatha pafupifupi mwezi umodzi ana aja nawonso amakhala ayamba kuikira. Dzinja limodzi ndi lokwanira kuti munda udzaze.

Musasokoneze timibulu timeneti ndi tija timapezeka pa mizu ya nyemba, soya ndi mtedza. Tija ndi tabwino, timabweretsa chonde, timathothoka mukatikanda ndi chala, ndipo mkati mwake ndi mofiirira. Ta manematodi sitithothoka chifukwa ndi muzu weniweniwo umene watupa.

Fodya wogwidwa kale pakati pa dzinja sachira chaka chomwecho. Chomwe mungachite ndi kumuunjikira dothi pa tsinde kuti atulutse mizu ina pamwamba, apulumutseko masamba angapo. Ntchito yeniyeni imayamba tsiku lomwe mwathyola tsamba lomaliza. Ziputu za fodya zizulidwe nthawi yomweyo. Ndimadandaula kuona minda ili chiimire ndi ziputu zophukira mpaka Julayi kapena Ogasiti eni ake atatanganidwa ndi kusankha fodya ndi kudinda mabelo. Chiputu chilichonse chamoyo chimadyetsa tinyongolotsito miyezi ina itatu kapena inayi yomwe tikanafa ndi njala. Zulani, mizu iyang'ane kumwamba iume ndi dzuwa, kenako muiotche. Mukagaula m'chilimwe, dzuwa la Sepitembala ndi Okutobala limapha tambiri tomwe tabwera pamwamba.

Kenako kasinthasintha, ndipo apa ndi pomwe ambiri timaphonya. Munda wogwidwa usaonenso fodya kwa zaka zitatu, zinayi n'kwabwino koposa. Koma funso ndi lakuti m'zaka zimenezo mubzalamo chiyani. Angónia ndi Tsangano ndi kwawo kwa mbatata ya kachewere ndi matimati, ndipo n'zachibadwa kuti munthu akachotsa fodya aganize zoikamo zimenezi poti ndi za ndalama. Zonsezi ndi za banja limodzi ndi fodya, pamodzi ndi mabiringanya ndi tsabola, ndipo tinyongolotsi timazidya mofanana. Therere lobala, maungu, nyemba ndi soya nazonso zimatisunga. Zomwe zimatichepetsa ndi mbewu za mtundu wa udzu monga mapira, mawere ndi chimanga, komanso mtedza. Alimi a fodya a ku Zimbabwe akhala akugoneka minda yawo ndi udzu wa Katambora Rhodes kwa zaka zingapo pa chifukwa chomwechi, ndipo kwa amene ali ndi ng'ombe udzuwu ndi chakudya chabwino cha ziweto.

Palinso msampha wina wa kwathu konkuno. Munda wa chimanga sitiusiya wokha, timaponyamo maungu, nyemba ndi therere kuti ndiwo zisasowe. Ndi mwambo wabwino ndipo sindikuunyoza, koma m'munda womwe mukufuna kuuchiza, phando lililonse la dzungu limabweza ntchito yanu m'mbuyo. Ndiwozo zipite kuchigawo china. Chimodzimodzi bonongwe ndi mnadzi womera yekha: mayi akamapalira amakonda kuzisiya, koma nazo zimasunga manematodi, ndiye gwirizanani pakhomo kuti m'chigawo chochizidwacho zonse zichoke. Mitengo yobwezeretsa chonde ya jerejere ndi mthuthu imathandiza chimanga kwambiri, koma mizu yake imachulukitsa tinyongolotsi tomweti, choncho isatsogole fodya.

Wina anena kuti munda wanga ndi umodzi, ndisinthira kuti. Ugaweni panayi. Fodya atenge gawo limodzi chaka chilichonse, akadzabwerera pomwe anayambira zaka zitatu zidzakhala zitadutsa. Malo a fodya achepa, inde, koma theka la hekitala la masamba aakulu limaposa hekitala yathunthu ya fodya wopinimbira, ndipo ngongole yake ndi yochepa. Mankhwala opha manematodi alipo, ndipo ngati kampani yakupatsani tsatirani ndendende zomwe walangiza mlangizi, valani zodzitetezera, zigubu zake zisalowe m'nyumba. Koma amangochepetsa kwa milungu yoyambirira, salowa m'malo mwa kasinthasintha.

Muzu wopindikira m'mbali

Nthawi zina muzu ulibe timibulu, ndi woyera bwino, koma watsika pang'ono n'kupindika kuyenda cham'mbali. Pamenepo wakumana ndi dothi lolimba lomwe limapangika pansi pa mizere. Chaka ndi chaka timagumula mizere yakale n'kuunga ina, khasu likulekezera pa msinkhu umodzimodzi, mapazi akupondaponda m'makwawa. Pulawo ya ng'ombe nayo imatsetsereka pa msinkhu umodzi, makamaka tikalima dothi lili lonyowa kwambiri. Mapeto ake pa masentimita 15 mpaka 25 pamakhala chigawo chogogomala chomwe muzu suboola, madzinso salowa. Fodya wa pamenepo amavutika kawiri: kukachita ng'amba ya sabata imodzi amafota msanga chifukwa mizu yake ili pamwamba pokha, mvula ikachuluka amamira chifukwa madzi alibe kolowera.

Kuti mutsimikize, mvula itagwa tengani chitsulo chowongoka muchikankhire pansi ndi manja malo osiyanasiyana. Chikamaima pa msinkhu wofanana paliponse, kenako n'kulowa mosavuta mukachikakamiza kudutsa pamenepo, mwapeza vuto lanu. Nthawi yoswa dothi limeneli ndi Meyi kapena Juni, litayamba kuuma kuti lizisweka m'malo mophwatalala, koma lisanafike pokanika piki. Simuyenera kukumba munda wonse. Tsatani mzera pomwe padzakhale mzere watsopano, mulowe masentimita 30 ndi piki kapena ndi ripa, chitsulo chong'amba dothi chokokedwa ndi ng'ombe. Ndi ntchito yowawa msana, koma siichitika chaka chilichonse. Nandolo amathandizanso chifukwa muzu wake umaboola pansi kwambiri, bola akhale m'munda womwe simunapezemo timibulu.

Mizu yoola, ndi fodya wofota mbali imodzi

Mizu ikakhala yakuda kapena yabulauni, khungu lake likusupuka mukalikoka, fungo lili loipa, ndiye kuti yamira. Fodya sapirira madzi odikha. Tsiku limodzi kapena awiri mizu ili m'madzi ndi okwanira kumuwononga. Suzumirani m'dzenje lija. Dothi la pansi likakhala lotuwa, la madontho ofiira a dzimbiri, ndi umboni wakuti madzi amakhalitsa pamenepo chaka chilichonse, osati chaka chino chokha. Izi zimachitika kwambiri m'makande a m'mphepete mwa dambo, omwe amakopa anthu chifukwa ndi akuda ndipo amaoneka achonde. Mizere italiitali ndi ngalande zimathandizako pang'ono. Ngonyeka zomwe timatseka nazo makwawa kuti zisunge madzi ndi zabwino chaka cha ng'amba, koma mvula ikalimbikira mu Januwale ndi Febuluwale zitseguleni. Maganizo anga ndi akuti malo otere musalimbane nawo: apatseni mpunga, nzimbe kapena dimba la m'chilimwe, fodya akwere kumtunda.

Pali kufota kwina koopsa kuposa uku. Mtengo umafota mbali imodzi, nthawi zina tsamba limodzi theka lachikasu theka lobiriwira, ndipo mukang'amba tsinde mkati muli mizera yakuda. Dulani kachidutswa ka tsinde cha m'munsi mukalendeweretse m'tambula yoonekera mkati ya madzi oyera, osagwedeza. Pakapita mphindi zochepa mukaona timaulusi toyera tikutsika kuchokera pa tsindelo, amenewo ndi mabakiteriya otchedwa Ralstonia solanacearum, omwewo amene amafotetsa matimati ndi kuoletsa kachewere. Amakhala m'nthaka zaka zambiri, amayenda ndi madzi othamanga ndi dothi lomatirira ku khasu, ndipo mabala omwe manematodi aboola pa mizu ndiwo khomo lawo lolowera. Palibe feteleza kapena mankhwala opopera omwe amachiza. Zulani mtengowo ndi dothi lake, muutulutse m'munda mukauotche, usalowe mu kompositi. Popalira, chigawo chodwala chikhale chomalizira, ndipo khasu litsukidwe lisanapite kumunda wina.

Mizu yaifupi, yonenepa kunsonga

Ili ndi vuto lomwe ndikuona kuti likukula mwakachetechete m'minda yakale ya katondo. Mizu ilibe timibulu, siinaole, koma ndi yaifupi, yokhuthala, nsonga zake zabulauni, timizu tating'ono kulibe. Masamba amachita chikasu pakati pa mitsempha, pena n'kutuluka timadontho touma. Nthaka yachuluka asidi. Kumapiri kuno mvula ndi yambiri ndipo imakokolola kashiamu ndi magineziyamu kupita nazo pansi, ndipo ureya ndi salufeti zomwe tathira zaka zambiri zimawonjezera asidiyo pang'onopang'ono. Fodya amakula bwino pH, muyezo wa asidi womwe umatsika asidiyo akachuluka, ikakhala pakati pa 5.5 ndi 6.5. Ikatsikira cha ku 5 kapena pansi pake, aluminiyamu ndi manganizi zimasungunuka n'kuyamba kupweteka mbewu, ndipo fosiforasi wa mu feteleza wa 12-24-12 yemwe mwagula modula amamangika m'dothi osafika ku mizu. Kuwonjezera ureya pamalo otere ndi kukulitsa matenda omwe mukufuna kuchiza.

Asidi sayezedwa ndi maso, dothi liyenera kupimidwa. Tengani dothi malo 15 kapena 20 mukuyenda mokhotakhota, kuyambira pamwamba kufika masentimita 20, musakanize mu ndowa yoyera ya pulasitiki, mutapepo theka la kilogalamu. La chigawo chodwala likhale m'thumba lakelake, la chigawo chathanzi lakenso, ndipo mulembe. Pewani pa chulu, pomwe panali khola ndi pomwe munaotchera zinyalala, chifukwa pamenepo padzakunamizani. Mlangizi wa kampani kapena wa ku SDAE, ofesi ya boma lanu yoona za ulimi ndi ntchito zachuma, angakuuzeni kotumiza. IIAM ndiyo bungwe la boma lofufuza za ulimi ndipo imapima nthaka, komanso ku Ulongué kuli sukulu ya zaulimi ya UniZambeze komwe mungakafunse nzeru. Mukasonkhana alimi angapo a kalabu imodzi mtengo wotumizira umapepuka.

Mankhwala ake ndi laimu wa m'munda, osati wopaka nyumba. Amagwira ntchito pang'onopang'ono, choncho amwazidwe ndi kusakanizidwa ndi dothi miyezi iwiri kapena itatu musanawokere, kutanthauza Sepitembala, osati kumuthira pa phando tsiku lowokera. Wa mtundu wa dolomite ndi wabwino koposa chifukwa amabweretsanso magineziyamu, yemwe akasowa m'minda ya mchenga masamba a m'munsi amayera kuyambira kunsonga mitsempha ili yobiriwira, makamaka mvula itakokolola kwa masiku angapo. Mulingo wake utengedwe ku zotsatira za kupima kuja. Kupyoza muyezo nako n'koipa, chifukwa pH ikakwera kwambiri imaitana matenda ena odetsa mizu. Phulusa la kukhitchini limachita ntchito yofanana pa malo aang'ono ndipo lili ndi potaziyamu, koma phulusa kapena laimu zisasakanizidwe ndi ureya, mphamvu ya ureyayo imauluka.

Mawu amodzi okhudza feteleza wogula pamsika: werengani thumba. Potashi wa mtundu wa kolorayidi ndi wabwino ku mbewu zina, koma fodya akamwa kolorini wambiri tsamba limachedwa kuuma m'chigafa, limachita chinyontho, siliyaka bwino, ndipo giredi imatsika.

Posankha munda wa chaka chamawa

Fodya amafuna dothi lakuya, lotayirira, lolowa madzi msanga koma losunga chinyezi. Tapani dothi lonyowa pang'ono mulifinye m'manja. Likaumbika n'kuphwanyika mukalidina ndi chala, ndi labwino. Likangoyoyoka osaumbika, mchenga wachuluka: lidzafuna manyowa ambiri, ndipo feteleza wobereketsa athiridwe kawiri pang'onopang'ono kuti asakokoloke. Likamata n'kumanyezimira mukalisisita, ndi lolemera, yang'anani bwino za madzi. Kumbani dzenje lofika m'chigongono, muone ngati mulibe mwala, dothi logogomala kapena lotuwa lija. Pamalo otsetsereka mizere itsate akalozera ndipo m'mphepete mubzale vetiva, chifukwa madzi othamanga amanyamula chonde komanso matenda kuchokera kumunda wa kumtunda.

Kumadera komwe nkhalango ikadalipo, monga mbali zina za Macanga ndi Chifunde, munda ukatopa yankho lachangu limakhala kuswa mphanje. Zaka ziwiri zoyamba fodya amakongola ndithu, chifukwa dothi lilibe manematodi ambiri ndipo lili ndi chonde cha masamba ndi phulusa. Koma chonde cha nkhalango ya mombo chimakhala pamwamba pokha ndipo chimatha msanga, ndipo mbande zikachokera ku nazale yodwala mphanjeyo imagwidwa chaka choyamba chomwe. Nkhalango yomweyonso ndiyo imatipatsa milimo ndi mitengo ya zigafa. Ine ndingakonde kuona mphamvu zogwetsera mitengo zikupita poswa dothi lolimba ndi kukonza manyowa m'munda wakale.

Manyowawo akhale owolerana bwino. Ndowe zaziwisi za m'khola zimatentha mizu, zimabwera ndi mbewu za udzu ndi mchere, ndipo zimatulutsa mphamvu mochedwa kotero kuti fodya amakhalabe wobiriwira nthawi yomwe ayenera kukhwima. Njira yabwino ndi kuthira manyowa ambiri ku chimanga cha chaka chotsogola, fodya adzadye zotsalira. Mapesi a chimanga akwiriridwe, asatenthedwe, ndipo anyamata osaka mbewa auzidwe poyera kuti moto usalowe m'munda. Za m'munda zootcha ndi ziputu za fodya ndi mitengo yodwala basi.

Nazale ndaisungira kumapeto dala, chifukwa matenda ambiri omwe tatchulawa timawanyamula tokha pamutu kuchokera kumeneko. Nazale zathu zimakhala kudimba, pafupi ndi madzi, malo omwewo chaka ndi chaka, ndipo m'nyengo yozizira pomwepo pamakhala matimati. Sunthani mabedi chaka chilichonse, apite pomwe sipanakhale fodya, matimati, kachewere kapena therere kwa zaka zingapo, ndipo asakhale kumunsi kwa munda wakale wa fodya komwe madzi ake amatsikira. Mankhwala ofukiza mabedi a methyl bromide omwe achikulire amawakumbukira analetsedwa ndi pangano la maiko la ku Montreal, ndipo maiko ngati athu anayenera kuwasiyiratu pofika 2015. Ngati mukuotcha bedi, gaulani kaye, muunjike mapesi okhuthala kuti moto ukhalitse, kutentha kulowe m'dothi, osati kungowaula pamwamba, ndipo mukaotcha musagaulenso mozama chifukwa mudzatulutsa dothi lomwe moto sunafikeko. Tsiku lozula mbande, tsukani mizu ya zingapo kuchokera pa bedi lililonse muiyang'ane pa dzuwa. Bedi lomwe mwapezapo timibulu lisapite kumunda, ngakhale mizere ina itsale yosawokera. Pemphani mbande kwa mnzanu wa m'kalabu, ndipo nazonso muzitsuke mizu musanazinyamule.